Kwa Eni Magalimoto Amaima, Kwathu Amangodutsa

Harrismith ndi tauni yomwe imadyera kutopa kwa anthu apaulendo. Ili m'chigawo cha Free State ku South Africa, m'tsinde mwa phiri la Platberg, pa msewu waukulu wa N3 womwe umalumikiza doko la Durban ndi mzinda wa Johannesburg. Wochokera ku Johannesburg amafika pano atayenda makilomita pafupifupi 270. Wochokera ku Durban amakhala atayenda pafupifupi 300, atalimbananso ndi chitunda cha Van Reenen chomwe chimaliritsa injini za mathiraki. Onsewa amafika msana ukuwawa, m'mimba muli pululu, mafuta atatsika. Pomwepanso ndi pamene msewu wa N5 wochokera ku Bethlehem umadzathera mu N3. Choncho aliyense amaima. Ine ndimagwira ntchito pa amodzi mwa malo oimapo magalimotowa, kutsuka mathiraki masana ndi kuwalondolera pogona usiku. Kwathu ndi kwa Kaluluma, kumpoto kwa Kasungu, komwe magalimoto ambiri amangodutsa.

Amene sanafikeko kuno angavutike kukhulupirira kukula kwa malo amenewa. Shell Ultra City, Engen 1-Stop, Petroport ndi ena otero si malo omwetsera mafuta chabe monga tidazolowera kwathu. Pali zimbudzi zamadzi zomwe munthu amazikolopa tsiku lonse osapuma, malo odyera monga Wimpy ndi Steers, sitolo yosatseka usiku, makina otapira ndalama, kapinga woti ana athamangepo. Madalaivala a mathiraki ali ndi mbali yawo: bafa la madzi otentha, kochapira zovala, mpanda wautali ndi alonda. Pa Highway Junction, mu Harrismith momwemuno, mathiraki mazanamazana amagona usiku umodzi, ndipo magetsi ake amawala mpaka kubisa nyenyezi.

Malo oterewa samangidwa poti mwini wake ndi wa m'mudzi umenewo. Ndamvetsera akuluakulu a makampani akamabwera kudzayendera, ndaonanso anyamata awo atakhala m'mbali mwa msewu ndi makina owerengera magalimoto. Choyamba amafuna kudziwa kuti pa tsiku pamadutsa magalimoto angati, angati mwa iwo ndi mathiraki, angati ndi a mabanja, ndiponso kuti nambalayo imakwera bwanji pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Kenako amayeza mtunda kuchokera pomwe dalaivala adaima komaliza. Kuno amalangiza kuti woyendetsa azipuma pakatha maola awiri kapena makilomita 200, ndiye wamalonda amakatchera pomwe maola awiriwo akuthera. Amakonda mphambano ya misewu iwiri ikuluikulu. Amafuna malo athyathyathya, aakulu, otsika mtengo, oonekera patali kuti wothamanga apeze mpata wochepetsa liwiro. Bungwe la misewu la SANRAL liyenera kuvomera kanjira kopatukira, boma lipereke chiphaso cha malowo ndi cha wogulitsa, ndipo madzi ndi magetsi zikhale zosadukiza. Tauni ya Colesberg ili pakati pa chipululu cha Karoo, koma ili ndi malo oimapo ambiri chifukwa N1 ndi N9 zimakumana pamenepo. Beaufort West nayo chimodzimodzi. Anthu okhala pafupi sawawerenga kwenikweni. Amawerenga odutsa.

Chinanso chimene ndidachimvetsa mochedwa n'chakuti phindu lenileni silili pa pampu. Mtengo wa petulo kuno umaikidwa ndi boma, ndipo wogulitsa amapeza kochepa pa lita iliyonse. Ndalama ili mu khofi, m'zitumbuwa zawo, mu nyama yowuma ya biltong, mu zonse zomwe munthu amagula poti watsika kale m'galimoto. Ndipo chomutsitsa m'galimotomo nthawi zambiri ndi chimbudzi chaukhondo. Bambo akhoza kupirira, koma mayi amene ali ndi ana kumbuyo ndiye amalamula poima. Ku America kuli kampani yotchedwa Buc-ee's, yomwe idayamba ku Texas mu 1982, ndipo idatchuka ndi nkhani ya zimbudzi yomweyi. Imamanga kunja kwa matauni, pakati pa mizinda ikuluikulu, ndipo malo ake a ku Luling omwe adatsegulidwa mu 2024 ali ndi mapampu 120. Mathiraki akuluakulu saloledwa kumeneko, poti iwo akufuna mabanja ogula katundu. Matauni ang'onoang'ono amalimbirana kuti kampaniyo ibwere kwawo, ena mpaka kuichepetsera misonkho.

Zonsezi ndimazidziwa ndi mutu. Mtima wanga uli pa msewu wina.

Mwezi wa July kuno kumazizira mwankhanza. Madzi a m'paipi yotsukira amaundana, zala zimachita dzanzi, ndipo zaka zina Platberg amayera ndi chipale mpaka msewu wa ku Van Reenen kutsekedwa. Usiku wotero ndi womwe ndimayendayenda pakati pa mizere ya mathiraki ndi tochi, kuwerenga manambala. Ambiri ndi a kuno, ena a ku Zimbabwe, ku Zambia, ku Congo. Koma nthawi zina tochi imagwera pa nambala ya kwathu, BT kapena LL, mwa apo ndi apo KU, ndipo miyendo imaima yokha. Ndimagogoda pachitseko.

"Odi achimwene, mwayenda bwanji?"

Dalaivala amayamba wadzidzimuka, kenako nkhope imamasuka. "Aa, ndinu a kumudzi? Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Kwa Kaluluma, cha ku Nkhamenya."

"Pa Nkhamenya ndimadutsapo kawirikawiri."

Onse amayankha choncho. Amadutsapo. Sindinakumanepo ndi woti adagonapo kapena kudyapo nsima. Ena amakhala atanyamula fodya wochokera ku mafakitale a ku Kanengo, akupita naye ku doko la Durban. Ndikamva zimenezo ndimakhala kanthawi pafupi ndi kontena yotsekedwayo. Mwina mkatimo muli tsamba lomwe lidathyoledwa kuseri kwa nyumba yathu, lomwe alongo anga adalisoka ndi manja awo mpaka zala kuda ndi phula. Fodya wa kwathu amagona pamalo a mpanda ndi magetsi, mlonda akumuyang'anira, pamene omulima sanaonepo malo otero.

Dalaivala akayatsa kambaula kake ka gasi pambali pa tayala n'kuvundula nsima, amandiitana, ndipo timadya chiimire. Ufa wa kuno ndi woyera bwino koma ulibe fungo la mphale yonyikidwa, yoanikidwa pamphasa. Ndimamufunsa za msewu. Ndimafuna anditchulire malo onse motsatana, ngakhale ndikuwadziwa: Lumbadzi, Mponela, Madisi, mlatho wa Bua, Chinkhoma, Kasungu ndi phiri lake loima lokha pachigwa, mlatho wa Dwangwa, Chatoloma, Nkhamenya, kenako Jenda, Chikangawa ndi nkhungu yake, mpaka Mzuzu. Akafika pa Chatoloma ndimamupempha achepetse liwiro.

Kwathu ndi dziko lathyathyathya, la dothi lamchenga lomwe fodya amalikonda. Chaka chimayendera tsamba limenelo. Mu September ndi October timakhala ku nazale kudambo ndi makheni, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Mvula ikakhazikika mu December n'kuwokera. February ndi March ndi kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala m'chigafa, mudzi wonse ukununkhira bale wofota. Kenako kusankha, kumanga, kudinda mabelo pa jeke, n'kuwasoka m'ziguduli. Msika ukatsegulidwa cha mu April, malole amayamba kutuluka m'misewu yafumbi kulowa mu M1, atasenza mabelo mpaka kupendekeka. Kale ulendo unali wa ku okushoni ya ku Kanengo, kenako kudatsegulidwa msika wa Chinkhoma m'boma lathu lomwe. Makolo athu ambiri adayamba ngati matenanti m'maesiteti, poti m'nthawi ya Kamuzu alimi ang'onoang'ono sankaloledwa kulima bale m'minda yawo, mpaka lamulolo lidamasuka kuyambira 1990. Anthu adachokera kutali, ku Mulanje, ku Thyolo, ku Mzimba, kudzafuna ntchito ya fodya, ena osabwereranso. N'chifukwa chake pamsika wa kwathu mumamva Chichewa ndi Chitumbuka zikusinthana m'kamwa mwa munthu mmodzi, uyu akuti "muli bwanji" uyo akuyankha "tili makora".

Malo oimapo a kwathu sadasankhidwe ndi munthu wa makina. Adamera okha pomwe panali chifukwa choti gudumu liime. Pa Nkhamenya panali mishoni ya Akatolika, chipatala ndi sukulu ya sekondale ya atsikana, ndiye basi inkayenera kutsitsa odwala ndi ana a sukulu ndi masutikesi awo. Kuyambira basi za UTM, kudzafika za Stagecoach, kenako Shire Bus Lines, siteji inali pomwepo. Pa Jenda pali chipata cha apolisi ndi mphambano ya msewu wopita ku Lundazi ku Zambia, ndipo poti galimoto iliyonse imaima, padakula msika wa tomato, anyezi, mbatatesi ndi kabichi womwe apaulendo onse a kumpoto amaudziwa. Kummwera kuli Lizulu, Tsangano, Zalewa, nkhani yake yomweyi. Galimoto ikangoima, mayi amabwera ndi lichero. Mawa amabwera ndi mnzake. Pakatha chaka pali chiwaya cha tchipisi, wootcha kanyenya, wokonza matayala ndi kagolosale.

Ndili mwana ndinali mmodzi wa othamangira mawindo a basi. Mtedza wophika m'nyengo yake, chimanga chootcha, masuku mu November, bowa mvula ikagwa, mango odzadza beseni. Tinkathamanga ngati nkhuku zaona madeya, aliyense akukweza mbale yake pamwamba pa mutu, ndipo kondakitala akamenya chitseko tinkathamangabe pambali pa basi kuti tipereke chenji. Ndalama ya mphindi zochepazo inkagula sopo, mchere, makope. Basi ikangodutsa osaima, tsiku limenelo linali lotayika. Choncho ndikamaona makamu a anthu akutsika m'mabasi pano, kulowa m'sitolo yowala n'kutulukamo ndi timapepala ta zakudya, ndimaona ndalama yomwe kwathu ikadalowa m'manja makumi asanu ikulowa mu kabati imodzi.

Komabe sindingabise kuti pali zimene tilibe, ndipo kusowa kwake kumapweteka. Basi ikaima kwathu, amuna amalowera kuseri kwa mtengo, amayi n'kumayang'ana uku ndi uku atagwira chitenje. Gogo wodwala shuga amayenda ulendo wonse osamwa madzi poopa manyazi. Dalaivala wa thiraki wochokera ku Dar es Salaam, amene walowera pa Songwe, wakwera Chiweta, wadutsa Chikangawa usiku, amafika kwathu maso ali psuu, koma alibe poimika pomwe angagone osaopa kuti adzuka batire kapena dizilo zitapita. Amapitiriza ulendo, ndipo ena amathera m'ngalande. Tonse a m'mbali mwa M1 tidathamangirapo kumalo a ngozi usiku. Munthu wotopa amafunika pogona ndi posamba, ndipo mlendo amayenera ulemu umenewo.

Tsono ndimatenga masamu a mabwana a kuno n'kuwayesa kwathu. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa pang'ono 350, ndipo Nkhamenya ili pafupifupi pakati peniteni, monga momwe Harrismith ilili pakati pa Johannesburg ndi Durban. Malo athyathyathya tili nawo ochuluka. Msewu ndi umodzi wokha womwe umanyamula katundu wa pakati pa likulu ndi malire a Tanzania kudzera kumtunda. Mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amadutsa pakhomo pathu tsiku ndi tsiku, ngakhale m'miyezi ija pomwe dziko lonse limagona pamizere ya mafuta ndipo ife timagula petulo wa m'mabotolo kwa anyamata a zigubu. Mpaka apa masamu akutikomera. Koma akafika pa kuwerenga magalimoto, timagwa. Odutsa kwathu tsiku lonse sangafanane ndi odutsa pa N3 m'maola ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'minibasi, atagwira ndalama yokwanira ulendo wokha. Amene ali ndi galimoto yake amakhala atamwetsa kale ku Kasungu, kapena akudikira kukaima pa Jenda pomwe adzaimitsidwe ndithu. Magetsi amazima. Ndalama ya fodya imabwera miyezi yochepa, kenako n'kuzimirira mpaka January ya njala. Makampani monga Puma, TotalEnergies, Petroda ndi Mount Meru nawo amawerenga zomwezo asanapite ku bungwe la MERA kukapempha chiphaso, ndipo n'chifukwa chake mapampu amaunjikana m'matauni, pamene mitunda yaitali ya pakati ili ndi ochepa.

Zinthu zikhoza kusintha chifukwa cha msewu. Mu 2022 idayamba ntchito yokonza ndi kukuza M1 pa mtunda wa makilomita 301, kuchokera pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu kudutsa Kasungu ndi Jenda mpaka mphambano ya Mzimba, ndiponso kuchokera pa Kacheche kukafika ku Chiweta, ndi ndalama za European Investment Bank ndi European Union. Aliyense amene adayendapo pa msewu wakale uja, wodyeka m'mbali mpaka mathiraki awiri kulephera kupatukirana, adasangalala. Inenso ndidasangalala. Koma msewu wosalala uli ndi mbali ziwiri. Umabweretsa magalimoto ambiri, komanso umawathamangitsa. Dalaivala amene kale ankafika kwathu atatopa ndi maenje akhoza tsopano kudutsa osaponda n'komwe buleki.

Anthu a ku Harrismith amalidziwa bwino vuto limeneli. Kwa zaka zambiri padali ganizo lomanga msewu watsopano wodzera ku De Beer's Pass, womwe ukadafupikitsa ulendo wa mathiraki koma kulambalala tauniyi. Amalonda, ogwira ntchito ndi akuluakulu a tauni adakana mwamphamvu, podziwa kuti magalimoto akasiya kuima pano, mahotela, magalaja ndi masitolo zifa. Msewuwo sunamangidwe mpaka lero. Ndikamawamva akukamba nkhani imeneyi ndimazindikira kuti ngakhale tauni ya nyumba zosanja ili m'manja mwa munthu wojambula mzere pa mapu ali kutali.

Chomwe ndimaopa kwambiri ndi mpanda. Pano wogulitsa malonda a pamanja saloledwa kulowa. Mayi wa ku Intabazwe, komboni ya tauni ino, akabwera ndi beseni la zipatso, mlonda amamubweza pageti mwaulemu koma mosanyengerera. Ntchito zilipo, zoona, zothira mafuta, zokolopa, zophika, ndipo ine ndikudya za pomwepo. Koma chakudya chogulitsidwa mkatimo chimabwera pa thiraki yozizira kuchokera kutali, ndipo phindu limabwerera komweko. Malo otere atamangidwa kwathu mmene alili kunomu, basi zonse zingamakhotere mkati mwa mpanda, ndipo amayi a malichero angatsale kunja akuyang'ana kudzera pawaya. Ine ndimalota malo ena: zimbudzi zaukhondo, mjigo kapena thanki ya madzi, magetsi a dzuwa, bwalo la mathiraki lokhala ndi mlonda, koma pakati pake pali shedi yaitali ya malata pomwe amayi a kwa Kaluluma ali ndi mabenchi awo, nkhuku ya lokolo ikuwira, nkhwani wotendera, mtedza, uchi, soya. Fodya akutha mphamvu chaka ndi chaka, ndipo anthu athu akufunika khomo lina lolowera ndalama. Msewu ndi khomo lomwe lili kale pakhomo pawo.

Mwezi wathawu amalume adandiimbira pa WhatsApp, pa foni ya mdzukulu wawo. Atatha kufotokoza za maliro ndi za mtengo wa feteleza, adatsitsa mawu.

"Mphwanga, kwabwera anthu a galimoto yoyera. Akufuna munda uja wa kumsewu. Akuti amangapo pomwetsera mafuta ndi malo ogona."

Mtima udagunda kawiri, koyamba ndi chimwemwe, kachiwiri ndi mantha. Munda umenewo ndi womwe agogo adagwetsa mitengo yake ndi nkhwangwa. Pali mtengo wa mango womwe tinkabisalapo dzuwa podikira basi.

"Anena kuti ndi a kampani yanji, amalume?"

"Sananene. Angotchula ndalama. Ndi zambiri, mphwanga, sindinazigwirepo."

Ndidawapempha kuti asasaine kanthu. Ndidawafotokozera kuti munthu akafika potchula mtengo, ndiye kuti wawerenga kale magalimoto ndipo akudziwa chomwe malowo adzabale zaka makumi awiri zikubwerazi, pamene ife tikungodziwa matumba a chimanga omwe amatuluka pamenepo. Ndidati ayambe apita kwa a gulupu ndi ku komiti ya malo, poti lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa malo ake, ndipo wolembetsa amakambirana ataimirira. Akayezetse bwino, chifukwa mamita 30 kuchokera pakati pa msewu ndi a boma ndipo palibe angamangepo. Ndidatinso ngati banja lonse livomera, kuli bwino kubwereketsa kwa zaka zowerengeka kusiyana ndi kugulitsiratu, ndipo papepalapo palembedwe kuti amayi a m'mudzi adzakhala ndi pogulitsira mkati, osati kunja kwa geti.

Amalume adakhala chete nthawi yaitali, ndinkangomva atambala ndi mwana akulira chapatali. Kenako adati, "Zimenezo ubwere udzanene wekha pabwalo. Pa foni anthu sakumva. Akuti wa ku Joni akufuna kutitsekera mwayi iye akudya bwino."

Mawu amenewo adandilasa, chifukwa ndikuwamvetsa. Iwo ali ndi ngongole ya feteleza, denga likudontha, ndipo ana awiri akudikira fizi. Ine ndili kutali, ndikulangiza anthu kuti adikire. Ndapempha tchuthi cha mu December. Ndidzakwera basi pa Park Station ku Johannesburg, kudutsa Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowera pa Dedza, ndipo ndidzamuuza kondakitala kuyambira ku Lilongwe kuti anditsitse pa Nkhamenya. Amalume alonjeza kuti awauza a galimoto yoyerawo abwerenso chaka chikatha, koma akuti sakudziwa ngati a munda woyandikana nawo adzadikire.